Kwa Aling Tekla, Lamulungu Masana

Gasan, Marinduque
3 Sepitembala 1984

Luningning mwana wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino ndipo chifuwa chija chinakusiya. Kuno tikudzuka mwa chifundo cha Mulungu, kupatula bondo langali lomwe limayamba kulira mvula isanafike. Tiya wako Marciana, mng'ono wanga uja, akupereka moni, ati usaiwale mafuta a tsitsi amene unawalonjeza.

Kuya wako, mlongo wako wamkulu Crisanto, wakhala chete. Kalata yake yomaliza inabwera mu Juni, ndi momwe ananena kuti awadzoza unsembe Pasaka ikadzangopita. Chichokereni apo palibe ngakhale mzere umodzi. Ndikudziwa kuti kuseminale amawapanikiza akamayandikira kumaliza, koma mayi ndi mayi. Iwe uli pafupi. Tsiku lina lopuma ukwere basi upite kuseminaleko ku Tagaytay, ngakhale akakuletse kulowa, ukangomuona pageti kuti akudya.

Kuno anthu satipatsa mpata. Amayi a kutchalitchi ayamba kale kuyeserera nyimbo zodzamuvekera nkhata ya maluwa, ndipo nkhumba ija tinaiika padera yanenepa moti ikulephera kutembenuka m'khola. Ine ndikupeta nsalu ya m'khosi yoti adzavale pa Misa yake yoyamba. Ulusi wagolide wandithera ndili pakati pa mtanda. Undigulire kumsika wa Divisoria, wonyezimira kwambiri uja, osati wachikasu wotuwa ngati unanditumizira chaka chatha.

Nanga za Dionisio wakoyo zili pati? Wangoti ndi wofatsa. Ofatsa alipo ambiri, ngakhale njati ya m'munda ndi yofatsa. Amapita ku Misa? Makolo ake akuti chiyani kuti mwana wawo akufuna mtsikana wogulitsa m'sitolo yawo ya mankhwala? Usadzichepetse pamaso pawo. Uwauze kuti ukwati wanu adzadalitsa ndi mlongo wako weniweni. Si mabanja onse a ku Manila angathe kunena zimenezo.

Undiyankhe msanga.

Mayi ako,
Consorcia

Sampaloc, Manila
17 Sepitembala 1984

Tiya Marciana,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Mafuta anu ndagula, ndidzatumiza. Tsopano khalani pansi musanapitirize, ndipo kalatayi a Inay, mayi anga, asaione. Yawo ndaika mu envulopu ina.

Dzulo titatuluka ku Misa, mayi Amparo, mayi ake a Dionisio, anati tikadye kunja kuti andione bwino ndisali kuseri kwa kauntala. Ali ndi malo odyera amene amawakonda ku Malate, kwa mayi ena otchedwa Aling Tekla, kumene amadya Lamulungu lililonse patebulo lomwelomwelo la pawindo. Ndi kuja amayala masamba a nthochi patebulo, anthu n'kumadya ndi manja ngati kwathu koma zala zili mphete zokhazokha, operekera zakudya n'kumazungulira ndi gitala. Tinalipo anayi: ine, Dionisio, mayi Amparo ndi amuna awo bambo Leoncio, omwe sayankhula pakamwa pakakhala chakudya.

Mayi Amparo anaitanitsa osayang'ana n'komwe pepala. Mchira wa ng'ombe wotendera, mwendo wa nkhumba wokazinga, ndi sinigang, msuzi wa bwemba uja, wa nkhanu zikuluzikulu. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Ndiye mlongo wakoyo amudzoza liti?"

"Pasaka ikapita, mayi."

"Wamva, Leoncio? Tikhala ndi wansembe m'banja. Ukamwalira sitivutika."

Tonse tinaseka. Ndikuseka choncho, dzanja linatsitsa mphika wadothi patsogolo panga. Tiya, ndinayamba kuona chala. Chala chachikulu chija chili ndi chipsera cha chikwanje chosendera kokonati. Ndinati zala zimafanana. Ndinakweza maso.

Anali a Kuya.

A Kuya Crisanto, atavala malaya oyera a operekera zakudya, kansalu paphewa, tsitsi lopaka mafuta. Supuni inandigwa. Ndinamva ngati pansi pachoka. Iwo anandiyang'ana kamodzi kokha, nkhope yawo inayera ngati mpunga. Anatola supuni ija n'kundipatsa ina.

Mayi Amparo amawadziwa bwino, amawaitana kuti Cris. Anawakoka malaya.

"Cris, wamuona mpongozi wangayu? Mlongo wake ndi wansembe mawa lino. Osati inu anyamata ongoimba nyimbo zachikondi."

"Ali ndi mwayi, mayi," anatero a Kuya. Kenako anandifunsa ine, "Ndikuthireni msuzi, mayi?"

Anandiitana kuti mayi. Munthu amene ankandibereka kumsana powoloka mtsinje popita kusukulu. Ndipo ine ndinati, "Pang'ono chabe." Ndi zokhazo zimene ndinanena kwa mlongo wanga. Pang'ono chabe.

Atabwera anzawo ndi gitala, anaimba nawo patebulo pathu, mawu achiwiri aja ankaimba m'kwaya ya ku Gasan. Dionisio anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinati msuzi wawawasa kwambiri, ndikasambe m'manja.

A Kuya ndinawapeza m'kanjira ka kuseri kwa khitchini akundidikira.

"Kuya, n'chiyani chimenechi? Akutumani kuseminale? Ndi chilango?"

"Ndinachokako, Ning."

"Liti?"

"Chaka chathachi sindinali uko. China chapitacho sindinalinso uko."

"Nanga makalata aja?"

"Mnzanga wa m'katimo amandiponyera."

Ndisanapeze mpweya, chitseko chinatseguka, panatuluka mayi wamfupi, thukuta lili kamukamu, chipande m'manja. Anatiyang'ana n'kuti, "Cris, tebulo la pakona likudikira." A Kuya anati, "Fidela, uyu ndi Ning." Mayi uja anasiya chipande pansi n'kupukuta manja pa epuloni kambirimbiri, koma sanandipatse dzanja. Kumbuyo kwake, pansi pa shelefu ya mbale, munali dengu. M'dengumo munali mwana wamkazi akugona, wa miyezi ingapo ndithu, wakhala kale pansi ameneyo. Chipumi chake ndi cha malemu bambo athu chenicheni.

Tiya, anakwatira. Anakalembetsa kuboma. Msuzi umene ndinkadyawo anaphika ndi mlamu wanga.

"Ndiwauza ndekha a Inay," anatero a Kuya. "Undipatse nthawi."

"Nthawi yanji? Amayi a kutchalitchi akuyeserera nyimbo! Nkhumba ikulephera kutembenuka!"

Anatenga thireyi n'kulowa.

Ndinabwerera patebulo ndipo ndinadya, Tiya. Ndinamaliza zonse za patsamba langa, mayi Amparo n'kumandiyamikira kuti sindine mtsikana wonyada pa chakudya. Usiku sindinagone. Sindinauze Dionisio. Ndimuuza bwanji, mayi ake atalengeza kale kwa anzawo onse?

Inu ndi amene mumatha kuwayankhula a Inay. Musawauze zonse, mungoyamba kuwafewetsa. Mtima wawo uja mukuudziwa. Mundiyankhe msanga, ndili ndekha ndi chinthu chimenechi.

Mwana wanu,
Luningning

Sampaloc, Manila
17 Sepitembala 1984

Inay wokondedwa,

Moni. Ndasangalala kumva kuti muli bwino. Bondolo muzilithowa ndi madzi otentha. Ulusi ndauika momwemu.

A Kuya ndawaona dzulo. Ali moyo, ali bwino, angoonda pang'ono. Ndinawapeza atavala zoyera, akutumikira patebulo, anthu ambiri akulandira kuchokera m'manja mwawo. Akuimbabe ngati kale. Ali ndi zambiri zoti akuuzeni ndipo ati akulemberani okha. Chonde za chikondwererozo muyambe mwadekha nazo mpaka mutamva kwa iwo.

Dionisio amapita ku Misa.

Mwana wanu,
Luningning

Gasan, Marinduque
28 Sepitembala 1984

Luningning,

Yesu, Mariya ndi Yosefe! Moni ndikupatsa bwanji ndi nkhani yotereyi? Kalata yako ndinawerengera kuseri kwa nyumba, nditaimirira ngakhale unati ndikhale pansi, ndipo ndinadzapezeka nditakhala pa makoko a kokonati osadziwa kuti ndakhala liti. Crisanto! Mwana amene ali wamng'ono ankabatiza anapiye! Ndi mkazi! Ndi mwana m'dengu!

Koma iwenso, mwana iwe, unaganiza chiyani polemba zija kwa mayi ako? Kunama unaopa, kunena zoona unaopa, ndiye unalemba chinthu choipa kuposa zonse ziwiri. Ukudziwa chimene chachitika? Lachitatu titamaliza kupemphera korona, mayi ako anaimirira pamaso pa amayi onse n'kuwerenga kalata yako mokweza. Atafika poti atavala zoyera, akutumikira patebulo, analira. Ati mwana wanga amulola kale kugawa Ukalistia patebulo la Ambuye. Amayi onse anagwada. Ine ndinagwada nawo, nditani? Mawu ako oti adekhe ati ndi kudzichepetsa kwa Crisanto, safuna phokoso ngati oyera mtima onse.

Ndinayesa, usati sindinayese. Dzulo tikusenda chinangwa ndinati, "Consorcia, anyamata ena amafika pafupi n'kuona kuti si njira yawo." Anandiyang'ana n'kuti, "Ena, inde. Amayi awo ndimawapempherera." Ine ndinangotola chinangwa china. Chinangwa chinatha kusendedwa.

Tsopano imva choopsa. Akuti sangathenso kudikira Pasaka. Akubwera kumeneko. Akufuna kukamuona ndi maso ake ali paguwa, kumuyesa nsalu ija m'khosi kuti aone kutalika kwake, ndiponso kuonana ndi makolo a Dionisio wako. Ati ndisakuuze, akufuna akudzidzimutseni nonse. Wamanga kale mabisiketi m'chitini. Chomwe chamugwira ndi namondwe yekha, sitima sizikuwoloka kupita ku Lucena sabata ino. Nyanja ikangogona, wanyamuka.

Thamanga kwa mlongo wakoyo umuuze akonzeke. Amupeze mayi ake kunyumba kwako, chitseko chotseka, madzi akumwa ali pafupi. Asakamve pagulu.

Mafuta a tsitsiwo usavutike nawo, tsitsi langa latha kuyera sabata ino.

Tiya wako,
Marciana

Sampaloc, Manila
9 Okutobala 1984

Marciana mng'ono wanga,

Ndinafika bwino Loweruka. Nyanja inali idakali ndi mkwiyo pang'ono koma sindinasanze. Ndikhulupirira nkhuku ukuzitsekera. Ndikulemba ndili pabedi la Luningning, iye wapita kuntchito, ngati ntchitoyo ikadalipo.

Nditagogoda, mwanayu anatsegula n'kugwira chitseko ngati waona mzukwa. Ndinayesa ndi chimwemwe. Ndinati mawa tipite ku Tagaytay, iye ati Lamulungu salola alendo, tipite Lolemba. Madzulo anatuluka, ati akukagula buledi, anakakhalitsa, n'kubwera wopanda buledi. Sindinaganize kanthu.

Lamulungu m'mawa mayi Amparo, mayi a mnyamata uja, atamva kuti ndabwera anatumiza galimoto. Luningning anayamba zifukwa. Ati ndatopa, ati mimba yanga sigwirizana ndi zakudya za m'malesitilanti, ati tingophika pakhomo. Ndinamudzudzula. Anthu akulemekeza, iwe n'kumakana?

Malowo ndi okongola, sindinama. Ndinaseka chamumtima kuona anthu olemera akulipira kuti adye ndi manja pa tsamba la nthochi, zomwe ife timachita tikasowa mbale. Mayi Amparo ndi munthu woyankhula, koma anandilandira bwino, anandikhazika pawindo. Mnyamatayo, Dionisio, anandigwira dzanja n'kuliika pachipumi pake mwaulemu. Luningning maso anali ku chitseko cha khitchini, osakhudza ngakhale madzi.

Nkhani inafika pa Crisanto, monga umadziwa kuti ine nkhani zonse zimafika pamenepo. Ndinatsegula chikwama n'kutulutsa nsalu ija kuti mayi Amparo aone. Ndinaiyala patebulo, pamwamba pa masamba, mtanda wagolide uli pakati. Iwo anaigwira n'kuti, "Mayi, manja anuwa ndi odalitsika." Ndinali ndisanasangalalepo choncho chimwalirireni bambo a ana.

Ndiye ndinamva mawu pamwamba pa mutu wanga.

"Inay, mphikawu ndiuike pati?"

Marciana, mawu a mwana wako sungawasokoneze ngakhale pakati pa msika. Koma mutu wanga unakana. Ndinaganiza, wabwera kuchokera kuseminale kudzandidzidzimutsa, Luningning anakonza. Ndinatembenuka ndikumwetulira. Ndinamwetulira ndithu, ndi chimene chikundipweteka. Ndinaona malaya oyera, kansalu paphewa, mphika wa msuzi ukufuka m'manja mwake, ndi anyamata ena awiri kumbuyo kwake ovala chimodzimodzi.

Anaika mphika pamphepete kuti usadontheze pa nsalu. Anatenga dzanja langa n'kuliika pachipumi pake. Chipumicho chinali chozizira.

Mayi Amparo anaseka. "Cris, wapenga? Ukudalitsidwa ndi alendo anga tsopano?"

Ine ndinamva pakamwa panga pakunena, "Uyu ndi mwana wanga."

"Aa! Muli ndi ana aamuna awiri? Luningning sananene."

"Mmodzi," ndinatero.

Patebulo lina ankaimbira munthu wina nyimbo ya tsiku lobadwa, akuwomba m'manja. Bambo Leoncio anali ndi nkhanu m'manja, anangoigwira m'malere. Crisanto anaima chilili, manja kumbuyo, ngati akudikira kuti tiitanitse china.

"Seminale?" ndinamufunsa.

"Ndinachoka, Inay. Kalekale. Ndili ndi mkazi, ali kukhitchiniku. Tili ndi mwana."

Anaziika zonse pamodzi ngati mmene amaikira mbale.

Mayi Amparo anatembenukira kwa Luningning pang'onopang'ono. "Iwe mtsikana. Tsiku lija unakhala pampando womwewo. Mnyamata uyu anakuthirira msuzi. Ine ndikumuuza za mlongo wako wansembe, iwe uli phee?"

Apa ndi pamene ndinadziwa kuti mwana wanga wamkazi ankadziwa. Ndinamufunsa, "Unadya chimene anakuperekera osamupatsa moni?" Iye anangophimba nkhope. Marciana, sindikudziwa chimene chinandilasa kwambiri, cha Crisanto kapena cha Luningning.

Ndinapinda nsalu yanga n'kuibweza m'chikwama. Ndinaimirira. Bondo silinapweteke n'komwe. Ndinapita molunjika kukhitchini, palibe anandiletsa. M'menemo munali utsi ndi phokoso, koma nditalowa zipande zonse zinaima. Mkaziyo ndinamudziwa chifukwa ndi yekhayo amene anayamba kulira. Anabwera kuti atenge dzanja langa. Sindinamupatse. Mulungu andikhululukire, sindinamupatse.

Mayi wina wachikulire wonenepa, ndiye Aling Tekla mwini malowo, anatola mwana m'dengu n'kundiika m'manja osandifunsa. "Gwirani, ine ndili ndi nsomba pamoto," anatero. Ndikanatani, ndimugwetse? Ndinamugwira. Ndi wolemera, wamaso aakulu. Anagwira korona yanga ya m'khosi n'kuiika m'kamwa. Ndinaima naye pakati pa miphika, Crisanto ali pakhomo, mkazi wake ali apo. Kenako ndinamubweza m'dengu n'kutulukira khomo la kumbuyo, kumene amataya zinyalala. Mnyamata wa Luningning ndi amene anandipeza ndikuyenda mumsewu wosaudziwa, n'kundikweza takisi.

Chichokereni apo ndangomwa tiyi. Crisanto wabwera kawiri, ndamuuza Luningning asatsegule.

Luningning akuti iwenso unkadziwa. Unagwada pambali panga pa korona paja uli nazo m'mimba. Tidzakambirana ndikafika. Amayi a kutchalitchi usawauze kanthu. Pakamwa pamene panawerenga kalata ija ndi pomwe padzanene zinazi. Nkhumbayo uziipatsabe chakudya, ilibe mlandu.

Ndinyamuka Lachisanu.

Mkulu wako,
Consorcia

Sampaloc, Manila
12 Okutobala 1984

Tiya Marciana,

Moni. Kalata yanu yondichenjeza yafika Lachitatu. Ndikuona kuti inakwera sitima imodzi ndi a Inay, koma a Inay anafika kaye. Ndinaiwerenga n'kuseka mpaka mnzanga wa chipinda china anabwera kudzaona ngati ndazungulira mutu.

Ndawaperekeza kubasi m'mawa uno. Sabata yonseyi mawu amene andiyankhula ndi oti shuga ali kuti. Pokwera ndinatenga dzanja lawo, anandilola, koma maso anali kwina. Ndikhulupirira mwawalandira padoko, sananyamule okha chikwama. Mabisiketi aja abwerera nawo.

Musaganize kuti sindinayese. Loweruka lomwe anafikalo ndinathamangira kwa Aling Tekla n'kuwauza a Kuya kuti mawa asabwere kuntchito, anene kuti akudwala, chifukwa ndinkadziwa kuti mayi Amparo akangomva atitengera komweko. Anandiyankha kuti amva. Ndiye mmene chitseko chija chinatseguka n'kutuluka iwo ndi mphika, ine ndinafa kachiwiri.

Kusitolo ndikupitabe. Mayi Amparo sandiyankhula, amatuma wina kuti andiuze zochita ine ndili pomwepo. Lolemba anauza kasitomala wina, mokweza kuti ndimve, kuti umphawi si tchimo koma munthu wokana m'bale wake chifukwa cha mwendo wa nkhumba angakanenso mwamuna. Sindinathe kuwakwiyira. Bambo Leoncio okha anandiikira lalanje pakauntala osanena kanthu.

Dionisio anabwera dzulo. Ndinkayembekeza kuti andiuza kuti zatha. Anati zoti mlamu wake ndi woperekera zakudya iye sizikumukhudza, Cris ndi munthu wabwino, amamudziwa kuposa mmene amadziwira ansembe ambiri. Chimene chikumuvuta n'choti masabata onse aja ndinkaseka naye, ndinkadya naye, ndili nacho chinthu chotere.

"Ukanandiuza panjira pobwerera tsiku lomwelo, Ning. Unkandiona ngati ndani?"

Za ukwati ati tiyambe taziika pambali mpaka chaka chamawa. Sananene kuti zatha. Sananenenso kuti zilipo.

Mundilembere mmene a Inay afikira, ngati akudya.

Mwana wanu,
Luningning

Malate, Manila
21 Okutobala 1984

Inay,

Ndikupempha dzanja lanu, ngakhale ndikudziwa kuti mwina simundipatsa. Ndikhulupirira munayenda bwino panyanja. Iyi ndaponya ndekha, ndipo adiresi ili pamwambayo ndi kumene ndimagonadi.

Ning musamusungire mkwiyo. Anabwera kudzandichenjeza Loweruka lija, akulira, kuti ndibisale. Ndinamuuza kuti ndamva. M'mawa mwake Aling Tekla nawonso anati ndikhale kunyumba. Ndine ndinakana, ndipo tebulo lanu silinali langa tsiku limenelo, ndinachita kusinthana ndi mnzanga. Ndinadziwa kuti mukabwera kunyumba, inu n'kukhala pampando n'kundiyang'ana mmene mumandiyang'anira muja, ndidzanena kuti ndangopuma kaye, ndibwerera chaka chamawa. Ndimadzidziwa. Ndinafuna mundione nditanyamula mphika, pamalo poti sindingathe kunena china. Sindinadziwe kuti mudzakhala mutayala nsalu ija. Nditaiona ndili pakhomo la khitchini ndinatsala pang'ono kubwerera. Kuti munachita manyazi pamaso pa anthu aja, mlandu ndi wanga ndekha.

Sanandithamangitse kuseminale, ndipo Fidela si amene anandichotsako, ndinakumana naye nditachoka kale. Ndimapempherabe. Ndimapita ku Misa ya m'mawa ntchito isanayambe. Kungoti kumene kuja ndinkadzuka tsiku lililonse ngati ndavala nsapato za munthu wina.

Fidela ndi wa ku Samar, alibe makolo. Akuti ndikuuzeni kuti sanakhumudwe ndi za dzanja zija, iyenso akanatero. Tikufuna kudalitsa ukwati wathu kutchalitchi, ndipo mwana sanabatizidwe. Fidela wakhala akukana, ati agogo ake akhalepo.

Mwana wayamba kukwawa sabata ino. M'dengu muja sakhalamonso.

Mukafuna kuti ndisalembenso, muuze Tiya andiuze.

Mwana wanu,
Crisanto

Gasan, Marinduque
4 Novembala 1984

Crisanto,

Kalata yako ndinailandira. Inakhala masiku angapo pansi pa chifanizo cha Amayi Maria ndisanaitsegule. Ndili bwino. Ndayambanso kudya.

Amayi a kutchalitchi ndinawauza ndekha, titamaliza korona, nditaimirira pamalo omwe aja. Ndinati mwana wanga sadzakhala wansembe, amaperekera zakudya ku Manila, ali ndi mkazi ndi mwana. Wina anagwetsa buku. Wina anafunsa ngati ndikuseka. Mayi Eufrocina, amene mwana wawo ali kundende, ndi okhawo anabwera kudzakhala pafupi nane. Enawo akundipatsa moni mofewa kwambiri ngati pakhomo pagwa maliro. Kumsika ndikadutsa nkhani zimaima. Ndikuuza izi kuti udziwe, osati kuti undimvere chisoni.

Tsiku la Oyera Onse ndinapita kumanda ngati anthu onse. Ndinatsuka mwala wa bambo ako, ndinayatsa makandulo, ndipo ndinawauza. Mabanja ena ankadya ndi kuseka pa manda a abale awo, ine ndili pamenepo kufotokozera mwala. Sindikudziwa kuti akanati chiyani. Mwina akanakumenya. Mwina akanaseka, chifukwa iwo za unsembezi sankazikonda ngati ine, izi sindinakuuzepo.

Usaganize kuti ndakukhululukira. Za kuchokazo mwina tsiku lina ndidzazimvetsa. Koma unandisiya ndikukupempherera pa chinthu chomwe kunalibe, ndipo unandilola kumwetulira tsiku lija. Zimenezo sizinandichoke. Mlongo wako ndamulembera dzulo. Tiya wako tikuyankhulana, ngakhale amalowa m'nyumba muno ngati mphaka wakuba nsomba.

Za ubatizo, mwana sakhala chikhalire wosabatizidwa chifukwa choti akuluakulu akwiyirana. Mkazi wako umuuze kuti pa chimenechi walakwa, ngakhale ndamva chimene amatanthauza. Mubwere naye kuno Khirisimasi isanafike, abatizidwe m'tchalitchi momwe unabatizidwira iwe. Anthu ayang'ane, atope. Mudzagona m'chipinda chako. Sindikulonjeza kuti ndidzayankhula zambiri.

Chinthu china. Ndinamunyamula mwana uja m'khitchini muja, ndinamva kulemera kwake, malovu ake anandinyowetsa bulauzi, koma mkwiyo sunandilole kufunsa. Luningning ndinachita manyazi kumufunsa. Iwenso m'kalata yako yonse wangoti mwana, mwana. Tsopano m'mawa uliwonse ndikamatchula mayina anu pamaso pa Mulungu, ndikafika pa iye ndimangoti uja wa m'dengu.

Undilembere dzina lake.

Mayi ako,
Consorcia